Mbendela ya Mozambiki pa Foni ya Luka

Ennie anali kuswa nshawa pakhonde pamene amalume ake, a Abednego Daka, analowa pabwalo ndi njinga osanena ngakhale odi. Anaigwetsela pa maluwa, naima thukuta lili kamukamu.

"Amake Ennie! Tulukani muone mkamwini amene mwana wanu afuna kutibweletsela!"

Amai Olipa anatuluka akupukuta manja pa chitenje. "Alongo, m'mawa uno mwayamba kale kukuwa? Khalani pansi."

"Neo nikhala lini!" anayankha m'Chinsenga, monga amachitila mtima ukawapsa. Anapisa m'thumba la jekete natulutsa pepala lopindapinda. "Iwe Ennie, bwela kuno. Uwelenge wekha, si ndiwe unapita ku sukulu?"

Ennie anagwada nalandila ndi manja awili. Tsikulo linali la Chitatu, ndipo pa Chiwelu ankhoswe a Luka, bwenzi lake, anayenela kubwela kuchokela ku Nyimba ndi mbale zofunsila ukwati. Miyezi isanu ndi iwili a Daka anakhala akukana mbalezo. Mlandu wa Luka unali umodzi chabe: makolo ake anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, anakhala pa msasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi, ndipo nkhondo itatha sanabwelele. "Anthu aja mtima wao uli kwao," a Daka anali kutelo. "Adzakutenga, ife tidzangomva kuti unafela ku Tete." Anagonja mwezi watha, nkhoswe atalumbila kuti Luka anabadwila kuno, sanaolokepo malile, ndipo alibe munthu kutsidya. Atate a Ennie anamwalila kale. Koma ngakhale akanakhalapo, pa nkhani ya mwana wamkazi mau omaliza ndi a malume.

Pepalalo linali chithunzi cha pa foni, chosindikizidwa. Ennie anachizindikila msanga. Inali gemu ya mpila imene iye ndi Luka anali kusewela masana aliwonse, wina ali ku Petauke wina ku Nyimba, akulankhulana ndi kunyozana mpaka batile kutha. M'gemu imeneyi ndimo anadziwilana. Papepalapo panali dzina la Luka, panali nkhope yake, ndipo pambali pa dzinalo panali kambendela. Osati ka nkhwazi. Ka mfuti ndi khasu. Pansi pake panalembedwa kuti walowa kuchokela ku Mozambiki.

"Zambia imeneyo?" anafunsa a Daka. "Ndifunsa iwe. Zambia imeneyo?"

"Amalume, pepala munthu akhoza kulipanga."

"Tsegula foni yako."

Ennie sanali kupitako ku tsamba la maina. Luka akamuitana, iye anali kungolowa m'bwalo n'kuyamba kumenya mpila. Manje anatsegula tsambalo. Kambendela kanalipo. Lelo m'mawa, Mozambiki. Mailo lapitalo, Mozambiki. Pa Mande, Mozambiki. Pa Sondo, Mozambiki. Masiku anai onsewo Luka anali kumuuza kuti ali ku dimba la nthochi.

"Eya! Wakhala chete bwanji?" A Daka anatenga pepala lao nalipindanso. "Munthu wapita kukatsanzika mkazi wake wamkulu, inu muli pano kuswa nshawa za alendo. Mailo m'mawa nditumiza mau kwa nkhoswe wake. Mbale zao asabwele nazo, adyelemo okha. Ndibwelanso madzulo ano, amake Ennie, tikambilane za mwana uyu."

"Pepalalo wakupatsani ndani?" anafunsa amai Olipa.

"Mnyamata wa ulemu. Teddy, wokonza mafoni pa siteshoni. Mwana wa kuno, amene agogo ake tidziwa pamene anagona."

Anadzutsa njinga, nasiya maluwa ali thyokethyoke.

* * *

Ennie analowa m'chipinda, nakhala pa bedi, nalemba uthenga.

"Uli kuti?"

Yankho linabwela msanga. "Wayamba liti kufunsa ngati wapolisi? Ndili pa nyumba. Lowa tisewele, lelo ndikukwapula."

"Nyumba ya dziko liti?"

"Iwe, wadya koma?"

"Ndakufunsa funso."

"Nyimba, amai. Pansi pa mango. Nditumize chithunzi?"

"Mango aliko kulikonse. Usachoke pamene ulipo."

Foni inayamba kulila. Anaidula. Inalilanso, anaidulanso. Mau a Luka anali kuwadziwa bwino. Akangoti "Ennie wanga" mkwiyo unali kusungunuka, ndipo lelo sanafune kuti usungunuke. Anavala nsapato.

Amake anaima pakhomo. Mai ameneyu anaika mwamuna m'manda, analela ana yekha, ndipo zonyengelela anazisiya kalekale.

"Upita ku Nyimba?"

"Inde, amama."

"Pita. Ukaone ndi maso ako, osati ndi galasi ili. Ukampeza kulibe, usakalile pamsewu anthu akuona. Ubwele udzalilile muno."

"Sindidzalila. Ndikampeza kulibe, ndidzafunsa kumene anagula mbalezo, ndikaphwanye ndi zotsala zomwe."

"Mkamwa mwa atate wako," anatelo amai Olipa, nampatsa njila.

* * *

Pa siteshoni minibasi inali isanadzale. Ennie anakhala pa windo, ndipo tsoka lake windolo linapenyana ndi kashopu ka Teddy. Teddy anamfunsila kawili chaka chatha, kawili konse anakanidwa, koma pali amuna ena amene "iai" amamumva ngati "bwelanso mailo". Anatuluka akuyenda monyang'wa, kasikuludilaiva kali kukhutu, natsamila pa basi.

"Sisi Ennie! Ulendo wa ku Tete? Pasipoti mwanyamula?"

"Chotsa mkono wako pa windo."

"Aa, mwandikwiyila ine? Ine ndalakwa chiyani? Ndili m'gulu la gemu ngati inu. Ndinaona mbendela, ndinati banja la a Daka lisachite manyazi."

"Bwanji sunandionetse ine? Unasindikiza pepala, unakwela njinga yamoto mpaka kwa amalume. Chifundo chako chili ndi mafuta ambili."

Amai ena amene anakhala kumbuyo ndi nkhuku anaseka. Teddy anamwetulila ngati sanamve.

"Ine ndimakonza mafoni, sisi. Mabodza a anthu sindikonza. Mukatopa nao a kutsidyawo, ife tilipo. Sitisamuka."

"Mvela, Teddy, umve bwino, chifukwa sindibwelezanso. Ngakhale Luka atapezeka ndi akazi anai ku Tete, ine kwa iwe sindibwela. Ndingakwatiwe ndi batile yotupa ija ili pa tebulo lako. Ija ikapsa mtima imaphulika poyela, siyenda ndi mapepala kuseli."

Basi yonse inaseka, ndi kondakitala yemwe. Kumwetulila kwa Teddy kunauma. Anachotsa mkono pa windo.

"Tidzaona pa Chiwelu," anatelo.

* * *

Pa Nyimba ogulitsa nthochi anazinga basi isanaime n'komwe. Ennie anawakankha osapepesa, nadutsa kuseli kwa msika, natsata kanjila ka kwa Luka. Njila yonse anali kukonza mau okauza anansi akapeza chitseko chili ndi loko.

Luka analipo. Anakhala pa kileti pansi pa mango, wopanda nsapato, buluku lili ndi madontho a utomoni wa nthochi, foni ataikweza m'mwamba ngati akudalitsa mudzi. Ennie anaima. Anatulutsa foni yake, natsegula tsamba lija. Luka, walowa tsopano, kuchokela ku Mozambiki. Anayang'ana foni, anayang'ana munthu. M'malo moti mtima ugwe pansi, unangopsa koposa, chifukwa mkwiyo wa makilomita onse aja unasowa pogwela.

"Ennie! Wabwela bwanji osanena?"

"Moni a ku Mozambiki. Mwafika liti?"

Anamuika foni pamphuno. Luka anayang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali yasa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ufunsa ine? Amalume ali nacho pa pepala. Mailo m'mawa atumiza mau kwa a Josiah Mwanza, nkhoswe wako, kuti mbale zisabwele. Ndiye yankha msanga ndisanakuswe ndi kileti iyi."

Luka anagwila mutu ndi manja awili. "Mayo! Ka VPN."

"Ka chiyani?"

Nkhani inatuluka mokoka, ngati minga m'phazi. Pa Chiwelu chatha, atabwela ku Petauke, foni yake inakana kutchaja, ndipo anaipeleka kwa Teddy. Akudikila, anadandaula kuti ku Nyimba netiweki imam'dyela masuku pamutu: akakanikiza kuti osewela wake amenye mpila, osewelayo amayamba aganiza kaye. Teddy anamuonetsa kanambala ka pakona ya gemu, kamene anyamata amakatcha pingi. Anati kanambalako kamanena nthawi imene imapita kuchokela pamene chala chakanikiza kufika pamene mwendo wamenya. Kakakula, waluza. Mankhwala ake, anatelo Teddy, ndi VPN: kapulogalamu kamene kamatenga zonse zotuluka m'foni n'kuzidutsitsa njila yakeyake, kudzela dziko lina. Anamuikila kwaulele.

"Kwaulele," anatelo Ennie. "Teddy. Munthu amene anandifunsila kawili. Sunadabwe?"

"Ndinati mwina wakhululuka."

"Nanga Mozambiki inalowa bwanji?"

"Anandionetsa maiko ambili. Anati sankha lapafupi, ndilo lithamanga. Manje iwe, kuno ku Nyimba dziko lapafupi ndi liti? Mozambiki si iyi ili kuseli kwa mapili?"

"Ndiye chinathandiza?"

"Pang'ono."

"Usandinamize! Kuyambila pa Sondo ndakumenya zisanu kwa zilo, zisanu ndi chimodzi kwa chimodzi. Goloboyi wako amagwa mpila uli kale mu ukonde, anthu atayamba kupita kwao. Bweletsa foni."

Anamlanda, nakhala pa kileti, Luka ataima pambali ngati mwana wa sukulu. Analowa m'gemu. Kanambala ka pakona kanali kofiila: 310. Anatuluka, nazimitsa ka VPN, nalowanso. Kanambala kanatsika kufika pa 120, ndipo patapita kanthawi kambendela ka nkhwazi kanabwelela pa dzina la Luka. Anayatsanso: 305. Anazimitsanso: 118.

"Waona? Kapena ndibwelezenso mpaka dzuwa lilowe?"

"Koma Teddy anati..."

"Teddy anati! Taona apa." Anatsegula ka VPN, naloza timalemba tating'ono pansi pa dzina la dziko. "Welenga. Maputo. Makina ao ali ku Maputo, osati kuseli kwa mapili ako. Udziwa kumene kuli Maputo? Chala chako chikakanikiza, mau amayamba apita ku Maputo, achoke uko apite kumene kuli makina a gemu, abwelelenso njila yomweyo. Uli ngati munthu wochoka pa Nyimba kupita ku Petauke modzela ku Lusaka, n'kumadabwa kuti wafika mochedwa."

"M'gulu muli ena amene amati kanawathandiza."

"Njila yozungulila imathandiza pamene mlatho wa njila yachidule wagwa. Wako unagwa? Vuto lako ndi nsanja ya netiweki imene ili kutali ndi mango ako. Ka VPN kakusendezela nsanja? Kanyamula phili?" Anamponyela foni pachifuwa. "M'gulu amakangana za kameneka sabata iliyonse. Sindinadziwe kuti kamasintha mbendela, ndipo sindinadziwe kuti pa zitsilu zonsezo chimodzi ndi changa."

Luka anakhala pansi pa dothi. Analankhula osamuyang'ana.

"Ndinafuna kukupambana kamodzi chabe Chiwelu chisanafike. Udziwa zimene anyamata amalemba m'gulu? Ati pa ukwati amene adzavala suti ndi Ennie. Ati a Luka mwapeza mwamuna."

"Ndiye ukwati wathu wauika pa moto chifukwa cha chigoli chimodzi? Miyezi isanu ndi iwili ndagwada kwa amalume mpaka maondo kuda! Amama atukwanidwa ndi mlongo wao chifukwa cha iwe! Iwe uli kuno kufuna kuombeledwa m'manja ndi anyamata amene sunawaonepo nkhope!"

"Nanga iwe?" Luka anaimilila, ndipo mau ake anakwela. Ennie anali asanamumvepo akukuwa. "Iwe unakwela basi kudzaona ngati ndilipo! Unakhulupilila! Kambendela kochepa ngati njele ya mpunga, iwe basi Luka wathawa! Ndinabadwila pa Ukwimi, Ennie. Mchombo wanga unakwililidwa dziko lino. Atate anga agona ku Nyalugwe. Chipwitikizi sindidziwa ngakhale moni. Ndidzalumbila mpaka liti? Ana athu naonso adzalumbila?"

Mau amenewo anamulasa Ennie, chifukwa anali oona. Koma kupepesa sikunali pafupi.

"Ndinabwela," anatelo. "Amene wakhulupilila zonse sakwela basi."

Kenako Luka analowa m'nyumba, natuluka atavala nsapato ndi malaya oyela.

"Tiye ku Petauke. Ndikawaonetse ndi maso ao."

"Wapenga? Mkamwini salowa pakhomo nkhoswe asanatsegule njila. A Mwanza ali kuti?"

"Ku malilo, ku Nyalugwe. Abwela pa Chisanu. Ndipo a Mwanza foni yao ndi ya mabatani, akafotokoza chiyani? Mau akachoka mailo m'mawa, zatha."

Ennie anadziwa kuti akulakwa. Anadziwanso kuti njila ina panalibe.

"Ukafika ugwade," anatelo. "Ndipo usakuwe ngati mmene wandikuwila ine."

* * *

Anafika dzuwa litapendeka. A Daka anali atabwela kale, atakhala pa mpando pakhonde, amai Olipa ali pa mphasa. Pa njelwa pafupi ndi mpanda panakhala Teddy, akusewela ndi makiyi a njinga yamoto. Anati anabweletsa wailesi ya a Daka imene anakonza.

Luka anagwada patali, naomba m'manja. A Daka sanamuyang'ane. Analankhula kwa mlongo wao.

"Amake Ennie, pakhomo pano pasanduka msika? Munthu angolowa popanda nkhoswe? Kwao amatelo?"

"Amalume," anatelo Ennie atagwada, "ndamubweletsa ndine. Ndamupeza pa Nyimba, pansi pa mango. Mbendela ija ndi bodza la foni. Lolani akuonetseni."

"Alongo, onani," anatelo amai Olipa. "Kuona sikuvomela."

A Daka anavala magalasi. Luka anasendela ndi maondo, nagwila foni ndi manja awili.

"Bambo, apa muona mbendela yathu. Ndili pano pamaso panu. Manje ndiyatsa aka." Anakanikiza, nalowanso m'gemu. "Onani."

Mfuti ndi khasu. A Daka anasendeza mutu.

"Uli ku Mozambiki?"

"Iai, bambo. Ndagwada pabwalo panu. Foni chabe ndiyo ikunena telo. Ndingathenso kusankha kwina." Anakanikizanso. "Apa manje ikuti ndili ku Joni. Apa, ku Kenya. Ndikazimitsa, ndabwelela kuno."

Ennie anapuma. Anayang'ana Teddy kuti aone manyazi ake, koma Teddy anali kungozungulitsa makiyi pa chala. A Daka anavula magalasi pang'onopang'ono, nawapukuta ndi jekete.

"Ndiye kuti," anatelo, "iwe ukhoza kugwada pano, foni n'kunena kuti uli ku Joni."

"Inde, bambo."

"Ukhozanso kugona kwina, foni n'kunena kwina."

Luka anazengeleza. "Zikhoza kutheka, bambo, koma ine..."

"Amake Ennie, mwamva? M'mawa ndinali ndi mantha kuti munthuyu ali ku dziko limodzi. Manje ndaona ndi maso anga kuti ayenda maiko atatu atagwada! Mwana wanu akadzamfunsa kuti muli kuti, adzayankha ndani, iye kapena kabatani? Anthu oona mtima amaika zobisalila m'foni?"

"Amalume, anamuikila ndi uyo!" Ennie analoza Teddy, ulemu wonse ataiwala. "Uyo wakhala apoyo ngati mlendo wabwino! Anamunamiza kuti gemu izithamanga, chonsecho kamachedwetsa. Anaika yekha, anajambula yekha, anasindikiza yekha, anabwela nacho kwa inu! Mfunseni!"

A Daka anatembenuka. "Teddy?"

Teddy anaimilila, navula kapu, napinda manja kumbuyo.

"Bambo, sindikana. Kasitomala akapempha chinthu, ndimamuikila. Ena kamawathandiza, ena iai, zimatengela netiweki. Koma dziko sindinamsankhile. Ndinamuonetsa maiko oposa makumi asanu. Amelika inalipo, Joni inalipo, Malawi inalipo. Chala chake chinapita chokha." Anayang'ana pansi ngati womva chisoni. "Ine n'chimene chinandiopsa, bambo. Pa maiko onsewo, munthu n'kusankha kwao."

"Bodza! Unamuuza kuti asankhe lapafupi!"

"Khala chete, Ennie!" A Daka kwa nthawi yoyamba anayang'ana Luka m'maso. "Iwe mnyamata. Funso limodzi. Mozambiki anakusankhila, kapena unasankha wekha?"

Ennie anapemphela mumtima kuti Luka aname kamodzi kokha pa moyo wake.

"Ndinasankha ndekha, bambo. Chifukwa ndi pafupi."

"Eya. Ndi pafupi. Pafupi ndi mtima." A Daka anamenya bondo ndi dzanja. "Nifuna lini kumva zina! Pa Chiwelu pano pasafike mbale. Ukauze a Mwanza, wandipeputsila ulendo. Imilila, uchoke pabwalo la mlongo wanga."

"Bambo, ndinabadwila dziko lino!" Mitsempha ya m'khosi mwa Luka inatupa. "Mufuna ndikafukule atate anga mudzaone dothi limene agonamo?"

"Mwamva? Andikuwila pakhomo panga, mbale zisanalowe! Akadzakwatila adzandimenya!" A Daka anatambasula dzanja kwa Ennie. "Foni."

"Amalume..."

"Foni!"

Ennie anaipeleka. Inalowa m'thumba la jekete.

"Mailo m'mawa pali lole yopita ku Sandwe. Ukwela. Ukakhala kwa amai ako aakulu mpaka tikolole. Kumene kuja kulibe netiweki, kulibe mpila wa m'galasi, kulibe mbendela. Mutu ukazizila, tidzakamba za mwamuna wa kuno."

Amai Olipa anaimilila pa mphasa. "Alongo, mwanayu ndinabala ndine! Atate ake atafa, munabwela kangati kudzaona ngati wadya? Lelo mwakumbuka kuti muli ndi mphwanu chifukwa kwamveka mbale?"

"Mbumba ndi yanga, Olipa! Ndalankhula. Ndipo pano sindichoka mpaka lole ibwele. Ndigona pa mpando uno."

Teddy anavala kapu yake, natsanzika mwaulemu, naliza njinga yamoto. Luka anaimilila, maondo ali mbuu ndi fumbi. Anayang'ana Ennie kamodzi, natuluka. Amai Olipa anakonza chitenje.

"Mlendo ngakhale wathamangitsidwa amapelekezedwa," anatelo. "Pano ndi panga." Anamtsatila mpaka kumsewu.

* * *

Ennie anakhala pa bedi manja ali pa miyendo. Dzanja lamanja linali kupitabe lokha m'thumba kukafuna foni. Sanalile. Anali kutukwana chamumtima, Teddy poyamba, kenako amalume, kenako Luka ndi chilungamo chake chopanda nzelu, kenako yekha chifukwa chomubweletsa. Pakhonde a Daka anali atayatsa wailesi yao mokweza.

Amake analowa, natseka chitseko. Anakoka chikwama pansi pa bedi, nayamba kuponyamo zovala: madilesi awili, zitenje, juzi, sopo. Anali kuponya ngati zovalazo zawalakwila.

"Amama, inunso mwavomela?"

"Tseka pakamwa, umve." Anatsitsa mau. "Mnyamata uja ali pa siteshoni. Ati basi yomaliza ya ku Nyimba inyamuka 17 koloko, ndipo sakwela mpaka ataona kuti dilaiva waliza injini. Ati ukafika, mupita. Ukapanda kufika, sadzakuimba mlandu."

Ennie anaimilila. "Kuthawa?"

"Ndati umve. Ukakwela ya ku Nyimba, malume wako sadzakhudzanso mbale za Luka mpaka imfa. Petauke yonse idzati a Daka ananena zoona, anthu a kutsidya amaba ana a eni. Luka dzina limenelo adzafa nalo, ndi ana anu omwe. Ukakwela ya ku Sandwe, ukakhala miyezi isanu osamva mau ake. Ndipo usaiwale kuti msewu wa ku Sandwe umakana minibasi, koma njinga yamoto ya Teddy imadutsa. Malume wako adzampatsa yekha makalata okakupatsila."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ine? Ine anandisankhila, ndinakhala, ndinaika munthu m'manda. Usandifunse." Anakoka zipi mwamphamvu, naika chikwamacho pa mapazi a mwana wao. "Chikwama n'chimodzi. Kaya n'cha ku Sandwe, kaya n'cha kwina, ine sindinafunse. Ndipita kukawapatsa tiyi alongo anga, ndipo ndikawapatsa wotentha kwambili, amwe pang'onopang'ono. Chitseko cha kuseli sindinakhome."

Anatuluka. Pa wailesi ya pakhonde muulutsi ananena kuti kwatsala mphindi makumi awili kuti 17 koloko ikwane. Ennie anawelama, nagwila lamba wa chikwama, ndipo pomwepo a Daka anaitana kuchokela pakhonde.

"Ennie! Tiyi ubweletse ndiwe. Ubwele ukhale pano pamene ndikuona."